Chaka Chimene Ndinatsimphina Ndili Bwinobwino

Kalabu yathu inalibe ofesi, ndipo panalibe wolipidwa. Tinali anthu ochepa okonda kukwera phiri la Chikala Loweruka: ine mphunzitsi wa pulayimale kwa Kawinga, telala wina wachikulire wa pamsika, ndi anzathu angapo a ku Balaka amene ankabwera Lachisanu n'kugona m'kalasi mwanga. Tinkakwera, kukhala pathanthwe pamwamba, kudya chinangwa chophika uku tikuyang'ana midzi ili mbwee kumunsi, kenako n'kutsika. Zinali zomwezo. Koma kuti munthu akhulupirire kuti zinali zomwezo, ndiye panagona ntchito.

Kwathu kuno munthu sakwera phiri chabe. Amapita kukatola nkhuni, kukazula bowa, kukadula nsungwi kapena kukakumba mankhwala. Ife tinkatsika chimanjamanja. M'masiku amenewo a chipani chimodzi, amuna akakumana kutchire n'kubwerako opanda kanthu, anthu ankayamba kunong'onezana. Tsiku lina bambo wina anandiimitsa pamsika.

"Aphunzitsi, kodi kumtunda kuja mumakakambirana zotani zosakambika pakhonde?"

Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha, chifukwa funso ngati limenelo linkatha kusowetsa munthu. Tinakumana pashopu pa atelala kuti tione chochita, kalabu ingatifere m'manja.

"Iyayi, vuto ndi manja athuwa," anatero atelala. "Tizitsika titanyamula kanthu, anthu aziona chimene tinapitira."

Loweruka lotsatira aliyense anatsika ndi mtolo wa nkhuni paphewa. Tisanafike n'kumsewu komwe, tinakumana ndi mlonda wa nkhalango. Anatilanda nkhuni ndi chikwanje, n'kutikalipira ngati ana obera mango. Ndinafika kunyumba phewa litasupuka, mtima uli phuphuphu ndi ukali. Tikatsika opanda kanthu ndife oukira boma, tikatsika ndi katundu ndife akuba. Nanga tizitsika bwanji?

Nzeru yachiwiri inali yanga. Ndinati tiitane atcheyamani a nthambi ya chipani akwere nafe, akaone okha. Anali munthu wansangala, woseka ndi aliyense, ndipo mwana wawo anali m'kalasi mwanga. Anabweradi, atavala jekete ndi baji pachifuwa. Anakwera thukuta lili kamukamu, koma sanadandaule. Pamwamba anavula nsapato, anadya nafe chinangwa, anayang'ana uku ndi uku.

"Zoonadi, palibe chimene mumachita kuno," anatero.

Tinayang'anana, mitima itakhala pansi. Ine ndinayamba kale kuganiza za ulendo wa kuphiri la Malosa umene tinkaulakalaka kuyambira kalekale. Koma potsika, atcheyamani anandigwira paphewa.

"Aphunzitsi, miyendo yabwino chonchi ikungoonongeka. Kumidzi ya kuseri kwa phiriku makadi a chipani sakufika, anyamata anga amadandaula mtunda. Kuyambira Loweruka likubwerali, kalabu yanu izikagulitsa kumeneko. Mukatero palibe adzakuneneninso."

Anayankhula akumwetulira, ngati akutipatsa mbuzi. Ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwawo ankaona kuti atithandiza.

Kukana kunali kosatheka. Koma kuvomera kunali kukaima pamakomo a makolo a ana anga a sukulu, kuumiriza mayi amene alibe ndi mchere womwe kuti agule khadi lake ndi la khanda la kumbuyo. Atelala anapukusa mutu.

"Walahi, ine ndikaopseze anthu amene ndimaswali nawo mzikiti umodzi? Iyayi, bola miyendoyi iume."

Anzathu a ku Balaka sanavutike, anangosiya kubwera. Atelala anauza atcheyamani kuti phiri lawadzutsira chifuwa cha mphumu. Ndinatsala ine ndekha, munthu wodziwika kuti sadwaladwala. Ndinati bondo linaguluka potsika paja. Atcheyamani anabwera kudzandizonda ndi phava la nthochi, akupepesa kuti mwina ndi iwo anandiyendetsa mofulumira. Nthochizo ndinadya ndithu.

Vuto la bondo labodza ndi lakuti silingachire. Likachira lero, mawa makadi ali m'manja. Choncho ndinatsimphina popita kusukulu, ndinatsimphina kutchalitchi, ndinatsimphina pamsika nditagwira ndodo. Nthawi zina ndinkaiwala mwendo wodwala, akazi anga n'kunditsina. Loweruka ndinkakhala pakhonde, miyendo ikunyerenyetsa, ukali ukundidya. Kalabu yathu palibe anaitseka, tinaipha tokha. Ndinkadzitonthoza kuti tsiku lina atcheyamani adzaiwala, ndidzataya ndodo n'kukweranso.

Chaka chikutha, ahedimasitala anandiitana ali ndi nkhope yachifundo. Anati akhala akundiona mmene ndikuvutikira ndi zitunda za kuno, ndipo andipemphera kwa akuluakulu. Pempho lawo linamveka. Anandisamutsira kwa Nsamala, kuchigwa kosalala, kuti bondo langa likapumule. Ndinawathokoza ndi manja awiri.