Nyumba imene inadikira anamzeze

Pakhonde la nyumba ya amayi, kwathu kwa Katunga, panali zisa zadothi zisanu, zomatirira kudenga ngati timiphika tovundikira. Anamzeze ankazimanga ife tikuona. Ankatsikira kudooko la Shire, n'kutera pamatope mapiko ali m'mwamba kuopa kuda, n'kutapa kadothi kosaposa njere ya mapira. Abweretse wamwamuna, abweretse wamkazi, kamodzikamodzi, dzuwa lathu la kuchigwa lija lili phwee. Akamata pang'ono ankaleka kuti paume, kenako n'kuyambanso. Amayi, omwe anali oumba mbiya, ankaima mtsuko uli pamutu kuwayang'ana, n'kumati iwo ndi manja awo awiri akuchepa kwa kambalame koumba ndi mlomo.

Chaka chimene nkhondo ya Ajeremani inatha, fuluwenza inalowa m'mudzi, ndipo amayi inawatenga m'masiku anayi okha. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu. Mwambo unali wodziwika: nyumba ya womwalira imagwetsedwa, ndipo mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Bambo anali Msena wa kumunsi ku Zambezi, wopalasa mwadiya, bwato losema lija, pomwe ine ndinali wa kuchikazi, wotsala ndi amalume. Palibe anandiuza pamaso, koma ndinamva akazi akunong'onezana pamtondo kuti nyumba ikangogwa, bambo apita.

Adzukulu, anthu oika maliro aja, anafika m'mawa wina ndi nkhwangwa, akutukwana moseka monga mwa chizolowezi chawo. Wamkulu wawo, a Dzimbiri, atangoyandikira mzati wa khonde, anamzeze anawazungulira pamutu, akulira ngati aona njoka. Mkuluyo anakweza maso n'kuona timilomo tachikasu tili yasa pakhomo pa chisa chilichonse. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa nkhwangwa.

"Mbalame ikatera pa uta silasika," anatero. "Tidzabwera awa akauluka."

Amalume ananyinyirika, koma mdzukulu satsutsidwa pa zamaliro.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira pansi pa zisazo, ndipo bambo, amene sakanaloledwa kupita kumadzi mwambo usanathe, ankakhala pambali panga akusoka ukonde, fungo la nsomba ndi fodya likutuluka m'nsalu yawo. Abale inu, ntchito yake ya timbalame timeneti! Kuyambira m'bandakucha, makolo onse awiri anali piringupiringu, kuwakha ngumbi m'malere, kulowetsa mutu m'chisa, kutuluka atanyamula kachitosi koyera kukakataya kutali. Ngakhale madzi ankamwa akuuluka, kungopala mtsinje ndi mlomo. Chisa chakumapeto chinali ndi kholo limodzi, linalo mwina linagwidwa ndi kabawi, ndipo lotsalalo silinkatera n'komwe. Bambo ankaliloza, chingwe chili kukamwa.

Mulungu andikhululukire, ine ndinkapempha kuti ana aja nthenga zisamere. Amalume akafunsa ndinkanama kuti akadali amaliseche, chonsecho anali atayamba kusuzumira panja, zifuwa zili mbuu.

Anauluka m'mawa wina mvula itangokata. Makolo sanawabweretsere chakudya tsiku limenelo, ankangodutsa pafupi akuitana. Kamwana kamodzi kanaima pakhomo, kananjenjemera, n'kudziponya. Ndinati kagwa basi, koma kasanafike pansi mapiko anatambasuka, n'kukwera, n'kukwera mpaka pamwamba pa mgwalangwa. Ena anatsatira, thambo lonse la pabwalo n'kudzaza kulira. Kanthu koti sikanaphunzirepo! Bambo anadzuka, ukonde n'kugwa pansi, akufuula m'chinenero chawo kuti, "Ona, mwananga, pyadidi!" kutanthauza kuti zabwino. Ine ndinaomba m'manja, ndinavina, ndinaiwaliratu zimene ndinkaopa. Ndinakumbukira nditaona bambo akupukuta m'maso.

Nyumba inagwa mkuja wake, ndipo bambo anakwera mwadiya wawo. Sindinawaonenso.

Masiku ano nyumba za malata sazigwetsa, ndipo ana amati mwambo uja unali wankhanza. Sindiwatsutsa, unandipweteka ndithu. Koma anthu omwewo anatha kuimitsa nkhwangwa chifukwa cha timbalame tosadyeka n'komwe. Amayi ali moyo, bambo ankakhalira pamadzi, ndipo ndinkawadziwa ngati mlendo wobwera ndi nsomba. Kaseko kawo, chala chawo chopindika, nyimbo yopalasira imene ndaimbira ana anga onse, zonsezo ndinazitola m'masabata atatu amenewo.