Galasi la Mfuti ya Bambo

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene bambo anaphonya nguluwe. Munda wathu unali m'munsi mwa phiri la Ntchisi, kumalire ndi nkhalango, malo oti chimanga chikayamba kukhwima nguluwe zinkadziwa eni ake tisanadziwe. Bambo ndiwo anali mlenje wa dera lonselo. Mfuti yawo inali ndi chiphaso cha boma, ndipo anthu ankachokera mpaka ku Malomo kudzawapempha kuti akawaphere zilombo za m'minda. Tsono madzulo amenewo nguluwe inaima poyera, pafupi poti ngakhale ine ndikanaigenda ndi mwala, iwo n'kuombera chitsa. Sanadandaule. Anangotikita m'maso n'kunena kuti kunja kwada msanga. Kunali kusanade.

Ndinali nditamva kwa matchona kuti azungu ali ndi galasi lomangirira pamwamba pa mfuti, lokokera nyama pafupi. Nditawauza bambo kuti ndikukawagulira limenelo, anaseka. "Pita, koma usakanditolere zotchipa. Maso angawa anali a mtengo wapatali." Iwo ankangocheza. Vuto langa ndi loti mawu ndimawasunga ngati mbewu.

Ku Halale ndinayamba ndi kutchetcha kapinga m'mayadi a azungu, kenako ndinapeza ntchito yosesa m'sitolo ya mfuti, poti ndinkaifunafuna dala. Magalasi aja ankakhala m'kabati yokhoma, ndipo wowapukuta ndinali ine. A ku Japani anali otchipa, owala bwino dzuwa likamaswa mtengo, koma mvula ikagwa ankachita nthunzi mkati, alimi achizungu n'kumawabweza akutukwana. A ku Amereka anali olimba, mtengo wake wapakati. Ndiye panali a ku Jeremani. Munthu akamakayika, bwana ankatuluka naye panja dzuwa litangolowa n'kumuuza kuti ayang'ane denga la tchalitchi chakutali. M'galasi la Japani kunali kutada kale, koma m'la Jeremani njiwa zinkaoneka imodziimodzi. Sitolo ya tsidya la msewu ikatsitsa mitengo kuti itilande anthu, bwana ankatsitsanso a Japani ndi a Amereka. A Jeremani okha sankatsika. Ankangokwera, poti nkhondo ya azungu ndi eni nthaka inali itavuta ndipo ankalowa m'dzikomo mozemba.

Nguluwe imatuluka kachisisira, ndiye kwa ine nkhani inali yothaitha. La Japani ndikanaligula chaka chachiwiri chomwe. Bwana anandionetsa lina, nanena m'Chilapalapa chake, chilankhulo cha mabwana ndi antchito, kuti, "Tenga ili, bambo wako sakadziwa kusiyana kwake." Ndinakana mwaulemu, mumtima ndikuti uyu sakuwadziwa bambo anga.

Malipiro ndinkawagawa patatu: ya nyumba ndi chakudya, yotumiza kumudzi, ndi ya galasi. Ya galasiyo inkathamangitsa mtengo umene unali ndi liwiro kuposa iyo. Anzanga a m'chipinda chathu ku lokeshoni ankagula njinga, mawailesi ndi masuti, kupita kwawo n'kubweranso, ine ndili pomwepo. Ankandiseka kuti ndinakwatira galasi. Kusungulumwa kunkandipweteka kwambiri mvula yoyamba ikagwa, dothi likamanunkhira ngati la kwathu koma ine wopanda pobzala. Ndinkalira, sindibisa.

Uthenga unkabwera ndi a Kamwendo, mkulu wa ku Malomo amene ankapita kumudzi chaka ndi chaka n'kumatinyamulira katundu. Mawu awo sankasintha.

"Onse ali bwino. Akuti ulimbikire ntchito."

"Nanga maso a bambo?"

"Akuona, akuona. Anandizindikira ndikadali patali."

Lero ndimadziwa kuti chimene anazindikira chinali chifuwa cha a Kamwendo, poti ankatsokomola ngati galimoto yokana kulira. Kwathu munthu wakutali sauzidwa zoipa. Amati angasokonezeke mutu n'kudzivulaza pa ntchito, kapena kuisiya n'kubwera chimanjamanja. Ngakhale maliro, ena ankawamva atafika pakhomo. Mwambowu ndinkaudziwa bwinobwino, koma ndinkauona ngati wa anthu ena.

Mwayi unabwera pamene mlimi wina wothawa nkhondo anadzagulitsa lake la Jeremani, logwira ntchito pang'ono chabe. Bwana anandigulitsa mwakachetechete, poti munthu wakuda kupezeka nalo unali mlandu. Kunonso sikunali kosewera: munthu wochokera kunja atanyamula chida cha mfuti akanamutcha chigawenga. Ndinalisokerera m'mkono wa chikhoti n'kuchikoleka paphewa ulendo wonse. Anyamata a chipani atatitsitsa m'basi kufunsa makhadi, ndinagula khadi ndikumwetulira, thukuta lili kamukamu.

Ndinafika dzinja lili pakati. Mayi anali atatisiya kale ndisanapite, ndiye wondichingamira anali mlongo wanga Esinati. Anandilandira katundu, koma m'malo molowera kunyumba anandiimitsa kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, musadabwe. Bambo saona. Anasiyiratu chaka chimene munatumiza bulangete lofiira lija."

Bulangete limenelo ndinalitumiza chaka chachitatu. Kusonyeza kuti ndikanamvera bwana, bambo akanasakako ndi galasi la Japani dzinja limodzi, kaya lichite nthunzi.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Anatiletsa. Ankati mwana ali ndi chimene akugwirira ntchito, musamulande."

Anandiuzanso kuti kuchipatala anati palibe chochita, ndipo mfuti bambo anakaibweza ku boma anthu atayamba kunong'onezana za mfuti ya m'nyumba ya munthu wakhungu amene mwana wake ali kunja. Munda wa m'phiri anausiya, poti panalibenso woulondera, koma bambo ankauzidwa kuti ukulimidwabe. Tonse tinali kunamizana chifukwa chokondana.

Ndinawapeza pakhonde, atafunda bulangete lija ngakhale kunali kotentha. Anandipapasa kumaso nanena kuti ndakalamba kuposa iwo. Nditasomola mkono wa chikhoti n'kuwapatsa galasi, analiyeza kulemera, analinunkhiza, anapotokola timitu take akumvetsera kulira kwake.

"Ndi la kuti?"

"La ku Jeremani, bambo."

"Lotchipa?"

"Ayi. Loposa ili kulibe."

"Eya," anatero, nalifukata.

Dzuwa litalowa anati ndiwatsogolere ku chulu chimene ankabisalirapo nyama. Esinati ankatitsatira m'mbuyo. Titakwera, bambo anandibwezera galasi. "Tayang'ana kumunda, undiuze."

Ndinaligwira motalikitsa pang'ono ndi diso, monga ndinkaonera kwa bwana. Ajeremani sananame. Kunali chisisira, koma zonse zinabwera pafupi ngati masana: tsala lokhalokha, udzu wofika m'chiuno, msasa wathu utagwa, ndi nguluwe yaikazi ikufukula ndi ana ake mosatekeseka pamalo pomwe panali chitsa chija. Esinati ankandipukusira mutu.

"Chimanga chili bwino, bambo. Chamasula ngayaye."

"Nguluwe?"

"Palibe."

Anatembenuzira mutu kumunda. Mphepo inkachokera komweko, ndipo kung'ung'udza kwa nguluwezo ngakhale ine ndinkakumva. Nanji iwo, mlenje.

Galasilo ndikadali nalo m'bokosi, silinakwerepo pa mfuti ya munthu aliyense kuno. Adzukulu anga amaonera nalo akhwangwala, ndipo ndimawalola. Koma ine sindiliyikanso padiso, poti ndikangoligwira ndimamva dzanja la bambo likufunafuna langa pachulu paja.

"Galasi labwino," anatero madzulo aja. "Nawenso wafikadi kumudzi tsopano, mwana wanga. Tiye, kwada msanga."