Kapeti yomwe ndinanamizira chiswe

Apongozi anga atagulitsa fodya anatigulira kapeti ku Kasungu Boma, yofiira, ya ubweya wautali. Ine ndinagwada n'kuwomba m'manja: "Mayi, yotereyi ndiyo ndinkailakalaka." Bodza loyamba linali limenelo.

Nyumba yathu ndi yozira. Nyengo yosankha fodya, fumbi lonse la ku chigafa linkathera mu ubweya uja. Mwana anakodzerapo, nkhuku zinasiyamo utitiri. Kuichapa kunali kuswa msana ku mjigo, ndipo kuti iume pankapita masiku atatu. Koma kuichotsa sindikanayerekeza, chifukwa Lamulungu lililonse apongozi pochokera kutchalitchi ankavula nsapato pakhomo n'kuiponda monyadira.

Tsiku lina ndinaitembenuza, ndinaiboolaboola ndi mpeni, n'kumata dothi m'mabowomo.

"Chiswe, Mayi," ndinatero, nkhope ngati ya pamaliro.

Apongozi anagwada n'kusisita mabowo aja nthawi yaitali. Ndikhulupirira anaona kuti chiswe cha kwathu chimadula mowongoka kwambiri. Anangoti, "Pepani, amake Chisomo. Paja munkaikonda."

Ndinabwezeretsa mkeka wanga, ndipo ndinapuma chaka chathunthu. Msika wa fodya utatsegulidwanso, wakabaza anaima pakhomo ndi chimpukutu chachikulu, apongozi akutsatira pambuyo.

"Iyi ndi yochindikala kuposa ija," anatero. "Ndipo ndizibwera kudzaitembenuza ndekha, chiswe chija chingabwerenso."

Ndinagwadanso n'kuwomba m'manja. Mpeni uja ndimasendera mbatata tsopano, ndikuyetsemula.