Mbuna Zitasuluka pa Mchenga Woyera

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa loji ina kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka. Ntchito yanga inali kukolopa ndi kuyala mabedi, koma polandirira alendo panali thanki yagalasi ya nsomba za mbuna, ndipo poti panalibe wofuna kuisamala, inagwera ine. Pansi pake ndinayalapo timiyala takuda timene ndinatola ndekha mumtsinje kwathu ku Lirangwe, n'kubwera nato pa minibasi m'chitini cha penti. Pa timiyala timeneto nsombazo zinkawala, zina zabuluu zamizeremizere, zina zachikasu. Alendo odikira ndege ankachita kugwada pozijambula.

Kenako kunabwera manijala watsopano, mphwawo wa eni loji. Sabata yoyamba yomweyo anati miyala yanga ikuoneka ngati litsiro, n'kuitanitsa mchenga woyera mbee kuchokera m'tauni. Ndinawauza mwaulemu zimene ndinkaona potsuka thanki: ndikaika nsombazo m'beseni loyera zinkatuwa, zikabwerera pamiyala mtundu n'kubwereranso. Nsombazi zimadzifanizira ndi pansi pomwe zili. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundifunsa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yanji.

Miyala ija anakaitaya kudzala. Pasanathe masabata awiri mbuna zinasuluka, mizere n'kuzimiririka. Lolemba lina anandiitana mu ofesi, ophika ndi alonda ali pomwepo.

"Mayi, nsomba zenizeni zija mwagulitsa kwa ndani? Izi mwaikamozi n'zakudambo."

"Bwana, nsomba ndi zomwezo. Bwezeranimo miyala yakuda, muone nokha."

Sanafune n'kumva komwe. Anakhuthula chikwama changa patebulo: chitenje, sopo, buku la nyimbo. Ophika, amene ndinkadya nawo mbale imodzi zaka zonsezo, anangoti zyoli. Mpaka lero ndikakumbuka manja a munthu uja akugwiragwira zinthu zanga, mtima umandiwira. Ine, mayi wa ana anayi, kuba nsomba yosakwana n'chala chomwe, yoti ngakhale mphaka sangakhute! Ntchito inathera pomwepo, ndipo mbiri inandidutsa panjira. Pofika Lachinayi kumvano, amayi anzanga anali atasendeza kale zikwama zawo kufupi ndi miyendo.

Ndinayamba kugulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Patapita miyezi itatu, alonda aja, bambo achikulire, anatsika minibasi n'kubwera pabenchi langa. Anati manijala anagula mbuna zina zowala bwino, koma nazonso zinasuluka pamchenga womwewo. Mlendo wina wodziwa za nsomba atanena zomwe ndinanena ine, anamumvera tsiku lomwelo, n'kukagula miyala yakuda kusitolo. Tsopano anawatuma kuti ngati ndikufuna ndibwerere kuntchito, zakale zisakumbidwe.

Ndinawafunsa ngati bwanayo anaitananso ophika mu ofesi muja n'kuwauza kuti sindinabe. Bambowo anapukusa mutu, maso ali pa tomato.

"Kawauzeni kuti abwere kumvano Lachinayi, akanene ndi pakamwa pawo. Akatero, tidzakambirana za ntchito," ndinatero.

Lachinayi limenelo ndinakhala pabenchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti ndione aliyense wolowa. Sanabwere. Mawa lake ndinalawirira kukapikula tomato.