Nkhaka za Amalume

Pansi pa masitepe a nyumba yathu ku Germantown, kutsidya kwa nyanja, panali thanki yagalasi, yong'aluka pakona, yomata ndi tepi yakuda. M'menemo munkakhala tinyama timene amalume ankati nkhaka za m'nyanja. Nkhaka zake zotani: zakuda, zanjerewere, zopanda maso, zokwawa ngati zachita kukakamizidwa. Madzi ake ankanunkha mchere ndi ndere.

Ndinali nditangofika kuchokera ku Zomba, ndipo sukulu inatseka ndisanapeze mnzanga. Amayi ankasamalira okalamba ku Alexandria, tsiku lonse kulibe. Ndinkatsala ndi amalume, mlongo wawo, amene ankaphunzira za ulimi wa m'madzi. Ku yunivesite ankafufuza kuti nkhakazi, zimene ku Asia amaweta m'madamu, zimapirira kutentha mpaka pati. Zofooka, zimene mphunzitsi wawo ankafuna kutaya, iwo ankabwera nazo kunyumba.

Anthu amati ku Nsanje kumatentha, koma kutentha kwa kuno n'konyowa, malaya amakumata ukangotuluka panja. Chilimwe chimenecho ndinasiya kudya. Ndinasiyanso kulankhula, poti Chingerezi cha ana apabwalo chinkathamanga kundisiya m'mbuyo. Tsiku lina ndinamva amayi pa foni akuuza azakhali kuti ndikapanda kusintha sukulu isanatsegulidwe, andibweza kumudzi. Kuno sindinkakukonda ayi, koma kusiyananso ndi amayi kunkandiopsa koposa. Ndinali ndekha kwambiri.

Masana ndinkakhala pa sitepe yomaliza, amalume akugwira madzi a m'thanki ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha kwake. Sankandifunsa kanthu. Ankangolankhula ngati akuuza galasi. Ankati kutentha kukabwera mwadzidzidzi nkhaka imasanza matumbo, khungu n'kusungunuka. Koma kukabwera pang'onopang'ono imalowa pansi pa mwala, kusiya kudya, kufota, n'kumadikira. Ngakhale madzi oundana oziziritsira thanki ankawaika m'botolo, osathira mwachindunji. Kuthamanga si kufika, ankatero.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi, amayi anatsika kudzachapa zovala. Anasuzumira m'thanki, naona imodzi itafota pansi pa mwala, nati yafa, itayidwe isananunkhitse nyumba. Amalume anaitola mwakachetechete n'kuiika m'manja mwanga. Inali yoterera, yolemera kuposa maonekedwe ake. Ndiye pang'onopang'ono inalimba ngati mnofu wa mkono.

"Achemwali, siinafe iyi," anatero amalume. "Yangotseka pakamwa mpaka madzi azizire. Mwanayunso musamubweze."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ananyamula beseni lawo n'kukwera. Nkhani ya ulendo sinamvekenso.

Masamba atayamba kufiira, nkhaka ija inatuluka n'kuyamba kumeza mchenga. Inenso ndinayankha mtsikana wina m'basi ya sukulu, mawu ochepa chabe, koma anandimva.

Lero ndikakumbuka ndimaona zimene ndinkayang'ana osaziona. Mbale ya amalume nayonso inkabwerera kukhitchini yodzaza. Lamba anali atamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Nkhaka za ku yunivesite zambiri zinafa sabata ina yotentha kwambiri, kafukufuku wawo anaima, ndipo chilolezo chokhalira m'dziko muno chinkathera pomwepo. Ndikukhulupirira amayi ankaona zonsezi, koma munthu mmodzi sangasenze awiri. Amalume analankhulira ine, ndipo panalibe wowalankhulira iwo.

Ndinabwera kusukulu tsiku lina n'kupeza matiresi amene amalume ankagonapo pansi pa masitepe paja atayedzamira khoma. Amayi anangoti amalume apita, osatchula kumene alowera, n'kutembenukira kusinki. Sindinalire. Ndinkadziwa bwino zimene zimachitika chinthu chikasiya kudya n'kusowa: chimakhala chikudikira kuzizira. Chipale chofewa chitayamba kugwa ndinasangalala zedi, ndipo tsiku lililonse pochokera kusukulu ndinkatsika masitepe aja, chikwama chili kumsana, kukaona ngati atuluka.