Dzina la Paubwana la Che Idrissa

Che Idrissa a ku komboni ya Mbizo anali ndi mayina atatu. La Sixpence anawapatsa kapitawo wa pamgodi wa golide kufupi ndi Kwekwe, munthu waulesi pakamwa amene ankangokuwa kuti, “Buya lapa, Sixpence!” kutanthauza kuti bwera kuno. La Idrissa analitenga ku jando kwawo ku Mangochi. Lachitatu linali la paubwana, lija mnyamata amalisiya kusimba, loti wina akakuitana nalo wakutukwana. Dzina limenelo sankalidziwa ngakhale malemu akazi awo.

Anabwera m'dziko la olankhula Chishona lino ali mnyamata, atasiya mlongo wawo Ndaziona akulira pamsewu. Mgodi unawadya msana ndi chifuwa, kenaka unawalavula. Anthu a m'komboni ankawanena kuti mabhurandaya, mawu onyozera obwera ochokera kwawoko. Kwawo sanapiteko. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, mpaka ng'ala inaphimba maso.

Chifuwa chitakula, anaitana mdzukulu wawo Munira, mtsikana wogulitsa tomato pamalo okwerera makombi, maminibasi a kuno.

“Undifunire Ndaziona pa lamya yakoyo. Koma anthu ndi afisi. Aliyense wonena kuti ndi mbale wanga ayambe watchula dzina ili.” Anamunong'oneza m'khutu.

“Musanetseke, Sekuru,” anatero Munira m'Chishona chake, kuwauza agogo akewo kuti asadandaule. “Pa Fesibuku palibe chosowa.”

Mwanayo anabadwira kuno. Za jando ankangomva kuti n'za makolo, ndipo palibe wamkulu amene anakhalapo naye pansi kumulongosolera. Iye anaona ngati dzinalo lithandiza kuti abale awazindikire msanga. Anajambula agogo ake ali chigonere pamphasa, nalemba mudzi wawo, dzina la mayi awo, la mlongo wawo, nambala ya foni, ndi dzina lija pamwamba penipeni.

Woyamba kuimba anali mnyamata wa mawu okoma. Anapereka salamu bwinobwino, natchula dzinalo. Che Idrissa analira ngati mwana, namuuza zonse za moyo wawo. Tsiku lachitatu mnyamatayo anapempha ya basi kuti abwere ndi Ndaziona. Anatumiza. Basiyo mpaka lero sinafike. Anaimbanso ena, aliyense ndi dzina lomwelo pakamwa.

Che Idrissa anadziwa chimene chachitika tsiku lina Lachisanu pochokera ku mzikiti. Kondakitala wa kombi, mwana woti ndevu sizinamere, anawaitana ndi dzina la paubwana anthu onse akumva, nawafunsa m'Chishona ngati mdala uja ndi iwo.

“Ndimi here, mudhara wa pa Fesibuku? Mwamupeza sisi, mlongo wanu uja?”

Anyamata anaseka. Che Idrissa anayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba.

“Fufuta,” anamuuza Munira.

“Ndafufuta kale, Sekuru. Koma anthu anagawana. Zili m'magulu a Watsapu, mpaka ku Joni.”

“Ndinakupatsa kiyi wa nyumba, iwe wakamupachika pamsika.”

Munira analira. Agogo ake sanamukalipirenso, koma dzina lake sanalitchule kwa masiku ambiri.

Kenaka kunaimba mayi wina, nati ndi Amina, mwana wa Ndaziona. Ankalankhula mwaulemu, Chichewa chake chokokera ku Chiyao.

“Amalume, amayi ali pompano. Anafa ziwalo chaka chatha, sakulankhula. Koma dzina lanu lija ankalitchula tili ana.”

“Dzinalo akulidziwa ndi makondakitala omwe. Ndiuze china.”

“Ndinabadwa inu mutapita kale. Ndinene chiyani?”

“Mufunse anapsa mwendo uti ndi phala.”

“Miyendo yonse ili ndi zipsera, amalume. Akalamba.”

Munira anayatsa vidiyo, koma iwo anangoona chifunga. Mtsikanayo anati akuona gogo wowonda atafunda chitenje chobiriwira. Foni anaiika pakhutu pawo. Anamva munthu akupuma movutikira, kumbali nkhuku ikulira. Mpweya wotero nkhalamba iliyonse ili nawo. Anatsegula pakamwa kuti aitane mlongo wawo, nakumbukira mmene analirira kwa wakuba uja. Anabweza foni.

“Zima. Mawa apempha ya mankhwala, uona.”

Mawa linafika, sanapemphe. Amina anaimbanso kawiri, iwo anakana kuyankha. Ankakhala pakhonde akutsokomola, kudikira pempholo kuti mtima ukhale pansi.

Mvula itayamba kunabwera uthenga wochokera kwa Amina. Munira anawerenga: amayi anawaika dzulo, masana.

Che Idrissa anatembenukira kwa Munira.

“Werenga mpaka pansi. Akufuna chiyani? Ya sanda? Ya sadaka?”

“Palibe, Sekuru.”

“Yang'ana bwino, Munira.”

“Ndayang'ana. Angoti muwapempherere.”

Anapempha madzi, natawaza podziyeretsa kuti apemphere, nafunsa mdzukulu wawo kuti awalozetse ku chibula, koyang'ana popemphera, chifukwa maso sankaonanso ngakhale khomo.