Nkhadze ziwiri pa msewu wa ku Chiputo

Tsiku limene mlatho wakumunsi unatenthedwa, amuna anga aZuze anangoti, "Amake Rozariya, mangani katundu." Sindinafunse zambiri. Tinanyamuka wapansi ulendo wa ku Zambia, mwana kumsana, khasu paphewa. Pofika pamene msewu umakhota kumtunda kwa shikola, sukulu ya pamudzi pathu, iwo anaima n'kugwira nkhadze ziwiri zimene anabzala okha, ina tsidya lino, ina tsidya linalo. Ine ndinakalipa kuti mfuti zili m'mbuyo, inu mukutsanzikana ndi mitengo.

Nkhadzezo zinali ndi ntchito yake. Nkhondo isanabwere, aZuze ndiwo anakumba ngalande ya tubu yachitsulo yotenga madzi pakasupe wakuphiri, kudzera pansi pa msewu, mpaka pampopi wa pashikola. Ndinkawapititsira maheu ali m'dzenjemo, kukuoneka msana wokha. Atakwirira anabzala nkhadze zija kuti zizisonyeza pamene tubu yadutsa, nati, "Pepala chiswe chimadya. Nkhadze siifa."

Ku Zambia tinkatola thonje m'minda ya eni. Makwacha ake ankathera mchere ndi sopo. Pachitsime ife obwera tinkaima pambali mpaka eni mudzi atatunga onse. Mng'ono wanga Luwiza anatsala kwathu, ndipo mawu ake ankabwera ndi ogulitsa nsomba zouma: "Tili moyo. Mpopi unauma." Kenaka mawu anasiya kubwera. AZuze anadwala chifuwa, tinawaika komweko, m'dothi lachilendo. Ndinkalirira pamtondo, poti posinja palibe amakuyang'ana kumaso.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, koma galimoto inatitsitsa patali chifukwa msewu unali wotseka. Luwiza ndinamupeza, mano atatha. "Achemwali, thonje la eni lakukalambitsani," anatero, ngati iye anali namwali.

Pamudzi panali magulu atatu: ochotsa mina, mabomba okwiriridwa aja, okonza msewu ndi chimakina chawo, ndi anthu a madzi. Gulu lililonse linali ndi shefe wake, ndiye kuti mkulu woyang'anira, ndi pepala lake la mapu, ngakhale kudya ankadya kosiyana. Chida cha ochotsa mina chinalira pokhota paja, iwo n'kuyalapo miyala yofiira yochenjeza, n'kupita kukayamba kumlatho. A madzi ankakumba maenje kuseri kwa posto, ofesi ya boma, kufuna tubu kumene kunalibe. A msewu atatopa kudikira anakhoma zikhomo kumunsi kwa miyalayo kuti msewu ulambalale, ukhale ndi ngalande yakuya m'mbali. Nditaona zikhomozo ndinadziwa kuti chimakina chidzadula tubu ya aZuze pakati.

Ndinapita kwa shefe wa msewu. "Mwana wanga, apa pansi pali tubu."

"Amayi, papepala langa palibe."

"Pepala lakolo linabadwa liti?"

Anangoseka. Wa madzi anati za msewu si zake. Wa mina anati tidikire.

M'mawa mwake ine ndi Luwiza tinayala mphasa kutsogolo kwa chimakina, n'kuyamba kusenda mtedza. Woyendetsa analiza lipenga mpaka kutopa. "Osachita phokoso," anatero Luwiza, "kaitane akulu ako onse atatu. Ife mtedza tili nawo wambiri."

Dzuwa lili pamutu anabwera, koyamba kuima pamodzi. Ndinawalozera nkhadze zija, tsopano zitapitirira denga la nyumba. Mmodzi wa ochotsa mina anagona chafufumimba, n'kumafukula pang'onopang'ono, ife tili patali. Atadzuka anati, "Si mina. Ndi tubu." Shefe wa msewu anapinda pepala lake n'kundifunsa, "Amayi, ikupita kuti?" Ndinawatsogolera mpaka pashikola. Pomwepo anapangana: a mina ayambe, a madzi atsatire, chimakina chibwere pomaliza.

Madzi anayamba kutuluka ofiira ndi dzimbiri, kenaka anayera. Ndinkaganiza kuti nkhondo inadya zonse za kwathu, poti nyumba ndi nkhokwe zinali phulusa. Koma inangodya zapamwamba. Ndinaima pambali ndi ndowa yanga monga ndinazolowera kwa eni, mpaka Luwiza anandikankha kumsana.

"Mukudikira ndani, achemwali? Tungani. Ndi madzi a alamu awa."